Masabata amene amatha mtsikana ali chete

Wochoka pa Golomoti kupita ku chipatala chachikulu cha boma la Dedza amakwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere. Munthu wabwinobwino amaukwera akucheukira chigwa cha Bwanje m'munsimu. Koma kwa mayi amene akutaya magazi, khona lililonse limamudyera nthawi imene alibe. Ena mwa amayi oterewa ndi omwe ayesa kuchotsa pakati mobisa, kaya ndi kamtengo ka chinangwa, mankhwala azitsamba, kapena mapilitsi ogula mwamseri popanda wowalangiza kamwedwe.

Dera lino dziko lapansi limalidziwa chifukwa cha Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana kusukulu. Lamulo nalo linasintha: mu 2015 Nyumba ya Malamulo inati ukwati uziyambira zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Ukwati mfumu ikhoza kuuthetsa pabwalo, anthu akuona. Mimba yosakonzekera ndiye imakula m'kachetechete, mwini wake akuwerenga yekha masiku usiku.

Kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, ndipo mwa amayi 10 aliwonse amene anachotsa, pafupifupi 6 anakumana ndi mavuto ofunika chipatala. Zonsezi zikuchitika pamene malamulo athu, m'ndime 149 mpaka 151 za Penal Code, amaletsa kuchotsa pakati, kupatula pofuna kupulumutsa moyo wa mayi monga ikulolera ndime 243. Mu Marichi 2021 aphungu anakana ngakhale kukambirana bilu yosintha lamuloli imene Matthews Ngwale ankafuna kubweretsa. Kungodutsa malire a Dedza, ku Mozambique, lamulo la mu 2014 linalola mayi kuchotsa pakati mpaka masabata 12.

Nambala ya 12 imeneyi ili ndi chifukwa chake. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2022 amanena kuti mimba isanapitirire masabata 12, mankhwala awiri, mifepristone ndi misoprostol, amagwira bwino ntchito ndipo ngozi zimakhala zochepa kwambiri, malinga mayi ali ndi uphungu woona, mankhwala enieni, ndi chipatala chothamangirako. Woyambayo amaletsa mphamvu ya m'thupi imene imagwiriziza mimba. Wachiwiriyo, amene amabwera patatha tsiku limodzi kapena awiri, amafinya chiberekero kuti chitulutse zam'kati. Masabata akapitirira pamenepo, magazi amatuluka ambiri, zotsalira m'chiberekero zimachuluka, ndipo ntchitoyi imafunika kuchitikira m'manja mwa achipatala.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kumudzi timawerenga miyezi imene munthu waphonya kusamba. Azamba amawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza. Choncho mtsikana amene akuti wangophonya miyezi iwiri amakhala ali kale pa masabata 8 kapena 9, mwinanso kuposa. Akawonjezera sabata yoopa kuuza mayi ake, sabata yodikira mnyamata amene wazimitsa foni, ndi sabata yosaka ndalama, nthawi yabwino ija imakhala yatsala pang'ono kutha kapena yatha kale iye osadziwa.

Kukonzekera kumene achipatala amanena si kwa mapilitsi okha. Amayamba atsimikiza kuti mimba ilipodi ndi kukula kwake. Amafunsa ngati mayi akumva kupweteka mbali imodzi ya chinena kapena akudontha magazi, chifukwa mimba ina imakhala mu chubu, kunja kwa chiberekero. Imeneyo mankhwalawa saichotsa, ndipo chubu chikaphulika munthu amatha kufa magazi akutayikira m'kati. Ngati ali ndi lupu, imayamba yachotsedwa. Amaonanso kuchuluka kwa magazi m'thupi, ndipo kuno kunyanja, kumene malungo ndi likodzo zimachepetsa anthu magazi, funso limeneli ndi lalikulu. Wochepa magazi sapirira kutaya kumene mnzake wamphamvu angapirire. Wogulitsa mapilitsi kuseri kwa golosale safunsa chilichonse mwa zimenezi. Chake ndi ndalama basi.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti amayi ambiri sadziwa kuti thandizo la pambuyo pake ndi lololedwa. Kaya mimba yapita padera yokha, kaya munthu waichotsa, zipatala za m'dziko muno zimapereka chithandizo chotsuka m'chiberekero, ndipo misoprostol yemweyo azamba amamugwiritsa ntchito pa zimenezi komanso poletsa kutaya magazi mayi akachira. Amene akunyowetsa mapadi awiri akuluakulu pa ola, kwa maola awiri otsatizana, asadikire kuti kuche. Chimodzimodzi amene thupi likutenthabe patatha tsiku, amene akutuluka zonunkha, akumva chizungulire, kapena ululu ukungokulirakulira. Ameneyo akwere kabaza kapena njinga yamoto, afike pa Mtakataka, pa Golomoti kapena ku chipatala cha mishoni cha Mua, ndipo akauze namwino zoona za chimene wamwa ndi nthawi imene wamwera.

Asanatuluke m'chipatala afunsenso za kulera, chifukwa thupi limatha kutenganso pakati pasanathe masabata awiri kapena atatu, msambo usanabwerere n'komwe.

Anankungwi ndi azakhali a kwa Kachindamoto anamva mawu a mfumu yawo pa nkhani ya maukwati a ana, ndipo ambiri anasintha malangizo a kuchinamwali. Ndi iwowa amene mtsikana angathe kuwanong'oneza sabata yoyamba imene waphonya. Akamulandira osamukalipira, n'kumuperekeza kwa azamba m'mawa mwake, amakafika kumeneko akuyenda yekha ndi miyendo yake, masabata akadalipo oti amve uphungu ndi kudziwa chimene lamulo likumulola.