Ufa wa pulasitiki wosapita kuchigayo

Makina osindikiza zinthu a 3D ogwiritsa ntchito laser, amene Carl Deckard anawayambitsa ku University of Texas m'zaka za m'ma 1980, chakudya chawo ndi ufa. Amayala ufa wa pulasitiki mopyapyala, laser n'kuwotcha pofunikira pokha, kenako n'kuyalanso wina pamwamba. Kuti uyalike bwino, timibulu take tiyenera kukhala tobulungira ndiponso tating'ono zedi, moti 20 titandandalikana tingokwana milimita imodzi.

Kugaya sikuthandiza kwenikweni. Pulasitiki akatentha m'chigayo amamata, ndipo ngakhale mumuumitse kaye ndi nitrogen wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro, mumapeza tizidutswa tosongoka, tokolanakolana.

Njira yabwinoko aliyense amene anasiyapo msuzi wa mbuzi pambali anaiona. Uli pamoto, mafuta saoneka pomwe ali. Ukayamba kuzizira amadzipatula, amasonkhana m'timadontho, kenako timadonthoto timauma n'kuyera. Kampani ya Evonik ku Marl, m'dziko la Germany, imachita zofananako ndi nayiloni wotchedwa PA12. Imamusungunula mu ethanol m'thanki yotseka ndithu, chifukwa ethanol amawira pa madigiri 78 pomwe nayiloniyo amafuna kutentha kopitirira 100 kuti asungunuke. Akamaziziritsa, nayiloni amapatukana ndi ethanol ngati timadontho, n'kulimba. Luso lonse lagona pa kaziziritsidwe ndi katakasidwe: kufulumira kumapereka timibulu tating'onoting'ono, kudekha kumatipatsa mpata wokula. Chotsala n'kusefa ndi kuumitsa basi.

Nkhani yavuta pa chosungunuliracho. Mapulasitiki ambiri samva ethanol, n'chifukwa chake mafakitale anazolowera mankhwala aukali monga xylene, NMP ndi DMF, ndipo awiri omalizawa bungwe la European Union linawaikira malamulo okhwima chifukwa amatha kuvulaza mwana ali m'mimba. Ofufuza tsopano akuyesa zochokera ku zomera: limonene wa m'makoko a malalanje amasungunula polystyrene, ndipo Cyrene amapangidwa kuchokera ku utuchi. Nayiloni wina, PA11, gwero lake ndi mafuta a nsatsi, ndipo nayenso amasungunuka mu ethanol wotentha.

Komabe ine sindithamangira kuwomba m'manja ndikangomva zoti mankhwala achokera ku zomera. Pa kilogalamu iliyonse ya ufa pamalowa malita angapo a chosungunulira. Fakitale ikapanda kuchitcheza n'kuchibwezera m'thanki, imakhala ikutaya zambiri kuposa zimene yapanga, ndipo kutchezako kumadya magetsi.