Ngwazi Yosagonja M'nthano Zopeka

M'mwezi wa February chaka cha 1940, nkhondo yaikulu yachiŵiri itangobuka ku Ulaya, magazini ya ku America yotchedwa Look inasindikiza nthano ya zithunzi ya masamba aŵiri okha. M'nthanomo Superman anagumula malinga a asilikali a Germany, nagwira Hitler, napitirira kukanyamulanso Stalin, ndipo onse aŵiriwo anakaŵatula ku Geneva pamaso pa bungwe la League of Nations kuti akayankhe mlandu. Nkhondo imene inadya zaka 6 ndi miyoyo yosaŵerengeka iye anaithetsa m'kanthaŵi kochepa. Nthanoyi inavumbula vuto limene limasautsa aliyense wolemba za ngwazi yamphamvu zopanda malire, pakuti ngati ngwaziyo itha kuchita chilichonse, wolembayo amasoŵa choti asimbe pa tsamba lachitatu.

Superman anaonekera koyamba m'chaka cha 1938 m'buku la Action Comics. Anamupeka ndi anyamata aŵiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, ana a Ayuda amene anachoka ku Ulaya kukafuna moyo watsopano. Inali nyengo ya umphaŵi ndi ulova m'dziko la America, ndipo eni akewo anagulitsa nthano yawo pa mtengo wa madola 130 okha. N'chifukwa chake adani oyamba a ngwaziyi anali anthu odziŵika kwa mmphaŵi aliyense: mwamuna womenya mkazi wake, wandale wolandira ziphuphu, ndi mwini mgodi wosalabadira moyo wa antchito ake.

Apa ndi pamene pagona ubwino wa nthano zamtunduwu. Munthu amene waponderezedwa ndipo alibe kokadandaula amapeza mpumulo akaona woipa akulangidwa msanga, popanda kuzengereza kwa mabwalo a milandu. Nthano yotere imatsitsimutsa chikhulupiriro chakuti mphamvu ziyenera kutchinjiriza ofooka. Komanso imakopa mwana amene mabuku ena amamugwetsa ulesi, ndipo aphunzitsi amadziŵa kuti wozoloŵera kutsegula buku chifukwa cha zozizwa tsiku lina amadzatsegula buku lozama.

Koma mphamvu za m'nthano zili ngati mchere, umene ukapyola muyeso ndiwo sizidyekanso. Poyamba Superman sanali kuuluka konse. Anali kungodumpha mtunda wa mamita pafupifupi 200 ndi kunyamula galimoto. Popeza nthano iliyonse inayenera kupambana inzake yam'mbuyo, olemba anapitiriza kumuonjezera luso, kufikira m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 pamene anayamba kukankha maiko a m'mlengalenga ndi kubwerera ku zaka zamakedzana. Zotsatira zake zinali zakuti woŵerenga analeka kuda nkhaŵa. Chimene chimasunga munthu pa buku mpaka pakati pa usiku ndi mantha akuti amene akumukondayo angathe kulephera, ndipo manthawo akachoka, chidwi chimatsagana nawo. Apangankhani ena nawo amasanduka oonerera, ongodikira kupulumutsidwa ndi kuomba m'manja.

Olemba anayesa njira zosiyanasiyana pofuna kuchiza nthendayi. America italoŵa m'nkhondo, iwo anayenera kufotokoza chifukwa chimene ngwazi yawo sinapite kukamenya nawo. Choncho m'chaka cha 1942 analemba kuti Clark Kent, dzina limene Superman amabisalamo, analephera mayeso a maso a asilikali chifukwa maso ake openya kupyola chipupa anaŵerenga zilembo za m'chipinda china. M'chaka cha 1943, pa seŵero la pa wailesi, anabweretsa mwala wa kryptonite umene umamufooketsa, ndipo mu 1949 mwalawo unaloŵanso m'mabuku. Koma sipanatenge nthaŵi kuti pafupifupi chigaŵenga chilichonse chikhale ndi kachidutswa kake m'thumba. Mu 1986 John Byrne analembanso mbiri yonse nachepetsa mphamvuzo. Mu 1992 anamupha kumene, mabuku nagulidwa ochuluka zedi, koma chaka chotsatira anamudzutsa, ndipo kuyambira pamenepo oŵerenga anadziŵa kuti ngakhale imfa yake ndi yongoyembekezera.

Njira zonsezi zinali zofooketsa thupi la ngwazi. Mankhwala enieni anaoneka m'kanema wa chaka cha 1978, m'mene Christopher Reeve anaseŵera ngati Superman. Bambo amene anamulera, Jonathan Kent, anagwa ndi matenda a mtima pakhomo pawo, ndipo mnyamata wotha kupambana sitima ya pamtunda pa liŵiro sanathe kuchitapo kanthu. Pamenepo woonera aliyense amene anaikapo kholo lake m'manda amamva kuti chiphonachi ndi mbale wake. Chomvetsa chisoni n'chakuti kanema yemweyo anagwa m'mbuna kumapeto kwake: Lois Lane atafa pa chivomezi, Superman anabweza nthaŵi m'mbuyo namuukitsa. Misozi imene woonera anali atakhetsa inasanduka yachabe.

Phunziro limeneli ndi lakale kuposa Superman. Samisoni wa m'buku la Oŵeruza anakantha anthu 1,000 ndi chibwano cha bulu, koma nkhani imeneyo imatha m'mavesi oŵerengeka. Chimene mibadwo yasunga ndi Delila, chinsinsi chimene chinaululidwa chifukwa cha chikondi, ndi munthu wakhungu wopera tirigu m'ndende ya adani ake. Ku Japan nako, mlembi wodzitcha ONE anayamba mu 2009 nthano ya One-Punch Man, ya Saitama amene amagonjetsa mdani aliyense ndi nkhonya imodzi. Mlembiyu sanabise kuti ngwazi yake singagonje. M'malo mwake anasandutsa chimenecho kukhala tsoka lake, pakuti Saitama ndi munthu wotopa ndi moyo, wosoŵa womuyesa mphamvu, amene anthu ambiri samuyamikira n'komwe.

Agogo osimba nthano pamoto anali kudziŵa chinsinsi chomwechi. Njovu ndi Mkango ndiwo anali ndi mphamvu, koma nthano inali ya Kalulu, chifukwa womvera amafuna kudziŵa m'mene wochepa thupiyo apulumukire m'kamwa mwa wamkulu.

Wophunzira amene watsiriza sukulu nafuna kuyesa luso la zopekapeka asaope kupatsa ngwazi yake mapiko kapena mphamvu za njovu khumi. Koma asanalembe chiganizo choyamba ayankhe funso ili: kodi ngwaziyi ingataye chiyani chimene nkhonya zake sizingabweze? Kungakhale kholo, mbiri yabwino, chikhulupiriro cha mudzi wake, kapena mtendere wa mumtima pamene ayenera kusankha mmodzi mwa anthu aŵiri ofuna chithandizo nthaŵi imodzi. Mphunzitsi naye poŵerenga chimangirizo cha mwana chodzala ndi zozizwa asachitaye msanga kuti n'chachibwana. Ndi bwino kumufunsa mwanayo kuti aloze tsamba limene ngwazi yake inalipira mtengo wa chipambano chake, ndipo ngati tsambalo palibe, amubwezere kope kuti akalilembe.