Likodzo ndi Khansa ya M'chikhodzodzo

Anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ku Chilwa ndi ku chigwa cha Shire amayesa likodzo nthenda yopepuka ya ana. Koma madokotala anadziwa kale kuti likodzo lonyalanyazidwa lingathe kubala nthenda yoopsa, ndiyo khansa ya m'chikhodzodzo.

Tizilombo ta likodzo anatipeza ndi Theodor Bilharz ku Cairo m'chaka cha 1851, ndipo m'chaka cha 1911 A. R. Ferguson, kumeneko ku Cairo, anasonyeza kuti nthenda ziwirizi zimayendera pamodzi. Mazira a tizilomboti amakanirira m'khoma la chikhodzodzo, nachititsa zilonda zaka zambiri, kufikira mnofu usanduka chotupa. Mtundu umenewu madokotala amautcha squamous cell carcinoma. Ku Ulaya suonekaoneka, pakuti mwa odwala khansa ya m'chikhodzodzo 100, osakwana asanu ndiwo amakhala nawo. Koma kumene likodzo lafala ndi wochuluka, ndipo umagwira anthu akali ndi mphamvu zolima.

Nanga wodwala athandizidwa motani? Njira yodalirika ndiyo opaleshoni yochotsa chikhodzodzo chonse pamodzi ndi mwanabere wozungulira. Pamenepo dokotala amadula kachigawo ka thumbo, nalumikizako mitsempha yochokera ku impso, kuti mkodzo uzitulukira pamimba m'kathumba. Njira imeneyi anaifalitsa ndi Eugene Bricker wa ku America m'chaka cha 1950. Mankhwala opha khansa, amene amathandiza pa mtundu wofala ku Ulaya, pa uwu mphamvu yake ndi yochepa. Kuotcha chotupa ndi cheza kumathandizira opaleshoni, koma pakokha sikukwanira kawirikawiri.

Chovuta n'chakuti ambiri amafika ku chipatala chotupa chitalowerera kale, pamene mpeni sungathenso kuchitsiriza. Apo chotsala ndicho kuchepetsa ululu.

Dziko la Egypt litiphunzitsa kanthu: litagawira anthu ake mankhwala a praziquantel, amene anapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1970, khansa ya mtundu uwu inachepa ndithu. Mankhwala omwewo ndiwo Boma limagawira ana m'sukulu zathu.

Tsono makolo asaletse ana kumwa mankhwalawo, ndipo munthu wamkulu akaona magazi mumkodzo asazengereze, apite akapimidwe. Paja akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba.