Dizilo olo petulo? Welengani ma kilomita anu musanagule 4x4 yakale

Pamene anthu anayamba kutenga 20 pesenti yawo ya NAPSA mu 2023, ba mulamu banga sibanaganize kawili. Banaikapo ya chilimba, ina banakongola kwa mnzawo wa ku nchito, ndipo Loweluka lina banalowa mu Matero ndi 4x4 ya ku Japan ya mu 1997, turbo dizilo. Laini yonse inatuluka kukaona. Pulani inali yabwino: mkati mwa sabata kupita nayo ku nchito, pa weekend kunyamula anthu a maliro ndi ma kitchen party, nthawi yokolola kukatenga chimanga ndi nshawa kumunzi ku Petauke.

Ulendo woyamba wa ku Petauke unathela pa njila. Titapitilila Rufunsa, pa mapili a Manenekela, singano ya temperature inayamba kukwela. Ba mulamu ati, "Tifike chabe pa Luangwa Bridge, tizaikako manzi." Sitinafike. Radiator inali yodzala matope ndi dzimbili chifukwa amene anali nayo kale anali kuthilamo madzi a pa borehole chabe, injini inawila, head inang'ambika. Motoka inabwela ku Lusaka pamsana pa breakdown, nikhala pa yadi miyezi 7. Nkhuku za a neba zinapeza pogona, koma nkhongole inali kufunika mwezi uliwonse.

Nditawafunsa chifukwa chake banasankha dizilo, yankho inali ija imene mumamva pa bar iliyonse: "Mulamu, dizilo siikudya mafuta." Ni zoona, koma ni hafu chabe ya nkhani. Pa motoka ya zaka 25 kapena 30, ndalama siithela pa filling station pokha. Ithelanso ku garaji, ndipo kumeneko dizilo ndi petulo zimasinthana malo.

Kusiyana kwake kuli pati?

Injini ya petulo imasakaniza mafuta ndi mphepo, ndiye plug imayatsa moto. Ya dizilo ilibe plug ya moto. Imafinya mphepo mwamphamvu mpaka itenthe, ndiye injector imafayila mafuta amene amayaka okha. Pa 1HZ ya Land Cruiser mphepo imafinyidwa ka 22, pamene injini ya petulo ya nthawi imeneyo imafinya ka 9 chabe. Kufinya kumeneku, pamodzi ndi mphamvu yambili imene ili mu lita imodzi ya dizilo, ndiye kumachititsa kuti iyende patali ndi mafuta ang'ono, ndi kukoka katundu olo simunaponde maningi.

Koma kufinya komweko kufuna zitsulo zolimba, pampu ndi ma injector opangidwa mosamala, battery yamphamvu, ndi radiator imene igwila bwino nchito. Zonsezi zikakalamba, kukonza kwake kumadula.

Tengani pensulo

Tiyeni tiyambe ndi Land Cruiser 80, imene inapangidwa kuyambila 1990 kufika 1997. Ya dizilo ya 1HZ, malita 4.2, ikakhala bwino imayenda pafupifupi ma kilomita 8 pa lita. Ya petulo ya 1FZ, malita 4.5, imayenda 5 olo 6. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ni ma kilomita pafupifupi 570. Kupita ndi kubwela, ya dizilo izamwa malita ngati 140, ya petulo ngati 200. Ngati mumayenda ulendo wotele kawili pa mwezi, pa chaka mwapulumutsa malita opitilila 1,400. Apa palibe zokambilana, dizilo yawina.

Manje tengani munthu wa ku Chawama amene agwila nchito mu town, ma kilomita 500 pa mwezi, kumunzi kamodzi pa chaka. Prado olo Surf ya petulo ya 2.7 izamwa malita ngati 70 mu jam ya Lusaka, ya turbo dizilo ya 3.0 ngati 55. Kusiyana ni malita 15 pa mwezi. Tsiku limene pampu ya dizilo izafa, ndalama ya malita amenewo ya zaka zingapo izapita kamodzi. Futi dizilo imagulitsidwa modula pogula, chifukwa aliyense aifuna.

Osadalila mtengo wa pa pampu wa mwezi uno. Kuchokela mu 2022, ERB imaunikanso mitengo mwezi ndi mwezi. Taona miyezi imene dizilo inali pansi pa petulo, taonanso imene inakwela pamwamba. Msonkho wa carbon nawo umawelengedwa pa kukula kwa injini, osati pa mtundu wa mafuta.

Pali service futi. Dizilo yakale imadetsa oilo msanga, bamakanika bamalangiza kusintha pa ma kilomita 5,000 alionse. 1HZ imatenga pafupifupi malita 10, pamene 3RZ ya petulo imatenga 5 ndi pang'ono. Ikanipo filter ya dizilo, ndipo pa mamotoka ena ma battery ni awili.

Ma dizilo onse si amodzi

Anthu akamatamanda dizilo, nthawi zambili akamba za injini zopanda turbo ndi zopanda kompyuta: 1HZ ya Land Cruiser, TD42 ya Nissan Patrol ndi Safari, 3L ndi 5L za Hilux. Izi ni ng'ombe za pa ngolo. Sizithamanga, pa phili malole ena azakupitani, makamaka kuno ku Lusaka kumene tili pafupifupi mamita 1,300 pamwamba pa nyanja ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu chifukwa mphepo ni yopepuka. Koma zimakhalitsa, ndipo makanika wa ku Lundazi olo ku Kaoma azidziwa. N'chifukwa chake ma ambulansi a m'maboma, a mishoni ndi a ma game park akhala zaka zambili pa Land Cruiser 70.

Vuto ni lakuti injini zimenezi mtengo wake siutsika. Imene wachinyamata wa mu komboni angakwanitse nthawi zambili ni turbo dizilo yaing'ono: 1KZ ya 3.0 mu Prado 90 ndi Hilux Surf, olo 4D56 ndi 4M40 mu Pajero. Izi zimakoka bwino, koma sizikhululuka zikatentha. 1KZ idziwika ponseponse kuti ikawila head imang'ambika. Ngati radiator, water pump, thermostat ndi fan zili bwino, ingakutumikileni zaka. Ngati simudziwa mbili yake, mwagula lotale.

Ku petulo, 3RZ ya 2.7 ni injini yofatsa. Ili ndi timing chain, ilibe turbo, ma spare apezeka ku Panganani Road ndi m'ma shopu ang'ono a m'makomboni. Ikavuta, kambili ni plug, coil, sensor olo fuel pump, zinthu zimene mungagule pa malipilo amodzi. 5VZ ya 3.4 V6 ni yamphamvu ndi yolimba, koma imamwa. Pajero ya V6 yolembedwa GDI chenjelani nayo: si makanika aliyense aimvetsa.

Pali ndi timing belt. 1HZ ndi 1KZ zonse zili ndi lamba ameneyu, ndipo akaduka muli paulendo ma valve amagundana ndi ma piston. Musadikile kupitilila ma kilomita 100,000. Ngati wogulitsa alibe umboni wa tsiku limene anasintha, ikani ndalama yake mu bajeti tsiku lomwelo.

Muzayenda nayo kuti?

Pa matope a ku Chama mu February, olo pa miyala ya m'zigwa za Luangwa ndi matumba kumbuyo, dizilo imakwawa pang'ono pang'ono osazima. Thanki imodzi imafikanso patali, chinthu chofunika kumene filling station ili ma kilomita 150 kutsogolo. Pa mchenga wa ku Western, kupitilila Kalabo kulowela ku Liuwa, V6 ya petulo imachita bwino chifukwa imakwela ma rev msanga, koma muzaona singano ya mafuta ikutsika ndi maso. Kumeneko chachikulu ni kuchotsako mphepo mu matayala, injini ibwela pambuyo.

Za madzi anthu amanamizana maningi. Mvula ikadzaza Kanyama, wina azakuuzani ati dizilo siopa manzi. Zoona, ilibe ma plug onyowa. Koma madzi akalowela kumene injini imakokela mphepo, madziwo safinyika, ndipo conrod imapindika pompo. Petulo imene yanyowa mawaya mungaiumitse nipitiliza ulendo. Dizilo imene yamwa madzi ifuna kupasula injini yonse. Dziwani pamene pali air intake ya motoka yanu musanalowe m'chithaphwi chimene simuona pansi.

Mafuta enieniwo nawo ali ndi nkhani. Kuyambila 2023, paipi ya TAZAMA, ma kilomita 1,710 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imanyamula dizilo ya low sulphur yoyengedwa kale. Ni yabwino ku injini ndi ku mapapo athu, ngakhale ma seal akale a pampu nthawi zina amayamba kudontha nayo. Choopsa ni dizilo ya m'vigubu ya m'mbali mwa msewu. Simudziwa ngati muli madzi, fumbi olo palafini. Pampu ya dizilo imadzozedwa ndi mafuta omwewo amene ipopa, ndiye palafini imaidya mkati. K100 imene mwapulumutsa pa chigubu ingakudyeleni malipilo a miyezi.

Tsiku lokaona motoka

Pitani m'mawa, ndipo uzani wogulitsa kuti asailize. Gwilani injini ndi dzanja. Ngati ni yofunda, funsani chifukwa chake, pakuti dizilo yotopa imaonekela ikalizidwa yozizila. Ikalila, yang'anani utsi. Woyela umene sutha olo injini yatentha ukamba za ma injector, compression olo madzi mu cylinder. Wa buluu ni oilo ipsa. Wakuda wambili ni mafuta opitilila olo air filter yotsekeka.

Injini ikali yozizila, tsegulani chivundikilo cha radiator muone ngati muli coolant olo madzi ofiila a dzimbili, ndiye ilizeni muone ngati mutuluka thovu losalekeza. Thovu ni chizindikilo cha gasket olo head. Tsegulani pothilila oilo injini ikulila: ngati mutuluka utsi ngati mbaula, ma ring atha. Oilo yooneka ngati tiyi wa mkaka ni madzi alowa.

Osakhutila ndi kuzungulila block. Nyamulani anzanu anai, pezani chitunda chachitali, muyang'ane singano ya temperature. Lowetsani 4WD ndi low range pa dothi mumve ngati zigwila. Ma kilomita a pa dashboard musawakhulupilile kwambili pa motoka ya zaka 25, yang'anani ma pedal, steering ndi mpando wa dalaivala. Bwelani ndi makanika wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mulipileni achite compression test. Pomaliza, nambala ya injini ndi ya chassis zifanane ndi za mu white book. Mamotoka ambili akale anasinthidwa injini, ndipo ngati mapepala sanakonzedwe, muzavutika posintha dzina ku RTSA.

Ndiye tigule iti?

Ngati motoka izakhala ya nchito, maulendo ataliatali, katundu, ma hire a kumunzi mwezi uliwonse, funani dizilo, ndipo ngati thumba lilola, yopanda turbo. Ngati moyo wanu ni komboni, town, tchalitchi ndi kumunzi pa Khisimasi, petulo ya 2.7 izakusungilani mtendele. Ngati zili pamaso panu ni dizilo yotopa ndi petulo yosamalika pa mtengo umodzi, tengani yosamalika. Ndipo olo musankhe iti, musaike ndalama yonse pa kugula. Siyani ina ya radiator, lamba, oilo ndi matayala, chifukwa 4x4 yakale imafunsa zake mwezi woyamba.

Ba mulamu banamaliza kukonza yawo, head ina ndi radiator yatsopano, pambuyo pogulitsa plot yaing'ono imene banali kusungila ana. Manje imayenda, ndipo chaka chatha inabweletsa nshawa kuchoka ku Petauke kawili. Koma mukakwela nawo, pa Manenekela bamazimya wailesi ndi aircon, maso pa singano, ndipo palibe amene aloledwa kukamba mpaka tione Luangwa Bridge.