Mphekesera ndi Kuchedwa kwa Kanema wa Gone with the Wind

Lero tikamba za chinthu chimene chimachitika kawirikawiri pamene buku lotchuka likusandutsidwa kanema. Ntchito imachedwa, ndipo anthu akatopa ndi kudikira amayamba kupeka zifukwa zawozawo. Chitsanzo chathu tichitenga ku America, pa kanema wotchedwa Gone with the Wind.

Buku la dzina limeneli adalemba ndi mayi Margaret Mitchell a mumzinda wa Atlanta, ndipo lidatuluka mu June 1936. Limasimba za mtsikana wouma mtima, Scarlett O'Hara, pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo ya 1861 mpaka 1865. Patangopita mwezi umodzi, mkulu wina wopanga makanema ku Hollywood, David O. Selznick, adalipira madola 50,000 kuti aloledwe kulisandutsa kanema. Anthu ankayesa kuti kujambula kuyamba msanga, koma padapita zaka ziwiri ndi theka ntchitoyo isadayambe.

M'zaka zimenezo mphekesera zidawanda. Funso limene lidali pakamwa pa aliyense lidali lakuti, kodi adzasewera ngati Scarlett ndani? Manyuzipepala ankatchula Bette Davis lero, mawa Katharine Hepburn. Mu 1938 kudamveka kuti malowo apatsidwa kwa Norma Shearer, koma anthu ambiri adalemba makalata otsutsa, ndipo iye adadzichotsa yekha. Paulette Goddard adatsala pang'ono kusankhidwa, koma kudali manong'onong'o akuti iye ndi Charlie Chaplin ankakhala nyumba imodzi popanda ukwati wodziwika, ndipo Selznick adaopa mkwiyo wa anthu. Enanso ku Hollywood ankangoseka, nkumati mkuluyu wataya ndalama zake m'madzi.

Akuluakulu adati utsi sufuka popanda moto. Moto udalipodi, koma udali kwina, kutali ndi kumene anthu ankaloza.

Chifukwa choyamba cha kuchedwaku chidali mapangano. Anthu ankafuna kuti mbali ya Rhett Butler, mwamuna wamkulu m'nthanoyi, aseweremo Clark Gable. Koma Gable adali wolembedwa ntchito ndi kampani ya MGM, imene mkulu wake adali Louis B. Mayer, mpongozi wake wa Selznick yemweyo. Chibale sichidafewetse malonda. Mu August 1938 adagwirizana kuti MGM ipereke Gable pamodzi ndi madola 1,250,000, ndipo itenge theka la phindu ndiponso mphamvu yofalitsa kanemayo m'nyumba zoonetsera. Chovuta chidali chakuti Selznick adali atalonjeza kale kuti makanema ake azifalitsidwa ndi kampani ina, ya United Artists, mpaka kutha kwa 1938. Motero adayenera kudikira kuti pangano lakalelo lithe.

Chifukwa chachiwiri chidali zolemba. Buku ndi kanema zimasiyana. Woliwerenga akhoza kulitsiriza m'masabata angapo, koma woonera kanema amakhala pampando usiku umodzi wokha. Bukuli lili ndi masamba oposa 1,000, ndipo zimene adayamba kulemba Sidney Howard zikadatenga maola pafupifupi 6 kuzionetsa. Alembi ena ambiri adaitanidwa kudzafupikitsa, ndipo ntchitoyi idapitirira ngakhale kujambula kutayamba kale.

Pali chinthu chachitatu chimene tiyenera kuchimvetsa bwino. Selznick sadafune kuti mphekeserazo zithe, pakuti zidali kumuthandiza. Ankadziwa kuti anthu akhoza kuliiwala bukulo pa nthawi yodikira. Choncho adatuma anthu ake m'madera ambiri a America kukafuna Scarlett, ndipo atsikana pafupifupi 1,400 adaonedwa. Mwa onsewo padalibe amene adapatsidwa malowo, koma dzina la kanema wosajambulidwayo silidachoke m'manyuzipepala.

Pa 10 December 1938, Scarlett asadapezeke, adatentha zinyumba zakale zojambuliramo makanema, kuyerekeza kupsa kwa mzinda wa Atlanta. Usiku womwewo mbale wake wa Selznick, dzina lake Myron, adafika ndi Vivien Leigh, mayi wa ku England amene anthu a mphekesera sankamuwerengera. Pa 13 January 1939 adalengezedwa kuti ndiye Scarlett, ndipo kujambula kwenikweni kudayamba pa 26 January. Mavuto sadathere pomwepo. Pasadathe mwezi, wotsogolera kujambula, George Cukor, adachotsedwa, ndipo m'malo mwake mudalowa Victor Fleming.

Kanemayo adaonetsedwa koyamba ku Atlanta pa 15 December 1939, ndipo adapambana mphotho 8 za Oscar pa mpikisano. Imodzi idapita kwa Hattie McDaniel, munthu wakuda woyamba kulandira mphothoyi. Komabe iye ndi anzake akuda sadaloledwe kukakhala nawo pa chionetsero cha ku Atlanta chifukwa cha malamulo a tsankho a nthawi imeneyo. Masiku ano ambiri amadzudzula kanemayu chifukwa choonetsa ukapolo ngati chinthu chokoma, ndipo mlandu umenewu ndi waukulu kuposa zonse zimene ankanong'onezana aja.

Tsono omvera, mukamva kuti kanema wa buku lakutilakuti wachedwa, ndipo kwamveka zakutizakuti, musafulumire kukhulupirira. Yambani mwafunsa kuti ndalama akupereka ndani, osewera amangidwa ndi mapangano otani, ndiponso ngati zolembazo zatha. Funsaninso kuti mphekeserayo ikupindulitsa yani, pakuti nthawi zina woifesa amakhala mwini kanema yemweyo. Kuona maso a nkhono nkudekha.