Kusankha masipika a besi: nambala ya pa katoni isatinamize

Ambiri a ife tikapita kukagula masipika, maso amathamangira pa nambala yaikulu yolembedwa pa katoni: 2000W, 5000W. Wogulitsa amakweza voliyumu, shopu yonse n'kumanjenjemera, ife n'kulipira. Tikafika nawo kunyumba, nyimbo yomwe ija imangomveka phokoso, besi yake osaoneka komwe yalowera.

Besi ndi nkhani ya mpweya. Khutu la munthu limamva mawu kuyambira pa 20 Hz kufika pa 20,000 Hz, ndipo Hz imatanthauza kuti mpweya ukugwedezeka kangati pa sekondi imodzi. Besi yakuya ya nyimbo za house, dubstep ngakhalenso amapiano ochokera ku South Africa, ija timaimva pachifuwa, imakhala cha pakati pa 30 ndi 60 Hz. Kuti sipika itulutse mawu otsika chonchi iyenera kukankha mpweya wambiri. Mawu akatsika kuchoka pa 80 Hz kufika pa 40 Hz, mpweya wofunika kukankha umachuluka kanayi kuti amveke mokweza chimodzimodzi. N'chifukwa chake kukula kwa sipika n'kofunika. Ya mainchesi 5 kawirikawiri imayamba kufooka cha pa 50 kapena 60 Hz, ya mainchesi 8 imafikako cha pa 40 Hz. Kutsika kuposa apo ndi ntchito ya subwoofer ya mainchesi 10 kapena 12.

Nanga mawati aja? Ngati pambali pake alemba PMPO, tingowaiwala, chifukwa palibe muyeso umodzi umene makampani amatsatira powerengera nambala imeneyi. Yodalirika ndi ya RMS, imene imasonyeza mphamvu yomwe makinawo angapereke mosalekeza. Komabe mawati sachita zozizwitsa: kuwachulukitsa kawiri kumangowonjezera 3 dB, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. M'chipinda chogona, mawati 50 a RMS ndi ambiri kale.

Mzere wofunika kuuwerenga ndi wa frequency response. Akalemba 45 Hz–20 kHz ±3 dB, akutiuza kuti sipikayo imafikadi pa 45 Hz mawu asanachepe kwambiri. Akangolemba 20 Hz–20 kHz popanda dB iliyonse, sanatiuze kanthu.

Chimene ambiri sitichiganizira ndi chipinda chenichenicho. Funde la mawu a 40 Hz ndi lalitali pafupifupi mamita 8.5, pamene zipinda zathu zambiri ndi za mamita 3 kapena 4 basi. Mafunde otere amagunda khoma n'kubwerera, n'kukumana ndi anzawo. Pena amawonjezerana, besi n'kuchita kusefukira. Pena amafafanizana, besi n'kusoweratu. Munthu angasunthe mpando theka la mita n'kumva ngati wasintha masipika. Pakona besi imakula, koma nthawi zambiri imangolira huu! osamveka bwino kuti kanyimbo kake kakuyenda bwanji. Pali njira yosafuna ndalama yopezera malo abwino: kuika subwoofer pamene timakhala pomvera, kenako n'kukwawa m'mbali mwa makoma mpaka titapeza pamene besi ikumveka bwino, n'kuisamutsira pamenepo. Anzathu atiseka tikukwawa, koma njirayi imagwira. Ngati sipika ili ndi bowo la mpweya kumbuyo, tisaigundike kukhoma.

Mafunde aataliwa amadutsanso makoma mosavuta kusiyana ndi mawu okwera. Ife tikamati tatsitsa, mnzathu wa chipinda chinacho amene akuwerengera mayeso amangomva kugunda kokhakokha. Kuika subwoofer pa mphira wokhuthala kumachepetsa kunjenjemera kwa pansi, ngakhale sikuthetsa zonse. Kwa ife okhala ku hositelo, mahedifoni abwino otsekera makutu onse amafika pa 30 Hz pa mtengo wotsika kuposa subwoofer. Pamenepo tisamale makutu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mawu a 80 dB, ndipo tikangowonjezera 3 dB maolawo amatsika n'kukhala 20.

Tsiku logula titenge nyimbo yathu imene timaidziwa bwino, tipemphe wogulitsa aiike motsitsa. Sipika yabwino besi yake imamvekabe ngakhale voliyumu ili pansi, ndipo bokosi lake silichita phokoso la phwerr! ng'oma ikagunda.