Mapasa Akabadwa Masiku Asanakwane, Chifuwa Chimodzi Sichikwanira

Mayi akauzidwa kusikelo kuti m'mimba muli ana awiri, ife kunyumba timalulutira. Azamba iwo amayamba kuwerenga masabata. Mimba imati yakhwima ikafika masabata 37, koma mapasa oposa theka amabadwa nthawiyi isanakwane. Mimba yotere imakondanso kubwera ndi vuto la kuthamanga kwa magazi komanso kuchepa kwa magazi m'thupi. N'chifukwa chake mayiyo sayenera kujomba kusikelo, ndipo akauzidwa kuti akadikirire kuchipatala chachikulu, anyamuke. Mutu ukamaphwanya, m'maso mukamachita chidima, nkhope ikatupa kapena madzi akayamba kutuluka, si za kudikira kuti kuche.

Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Lipoti lomwe bungwe la WHO linatulutsa mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse: ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane.

Amene analowapo m'chipinda cha ana oterewa, monga cha Chatinkha ku Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, amadziwa mmene mtima umagundira. Kamwana kamene thupi lake silikwana makilogalamu awiri kamakhala ndi kapaipi m'mphuno. Makina otchedwa Pumani, omwe madokotala a pachipatalachi anapanga mogwirizana ndi Rice University ya ku America, amauzira mpweya pang'onopang'ono kuti mapapo osakhwimawo asafwafe. Mayi amafinyira mkaka m'kapu maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, ndipo wa mapasa amafinyira awiri.

Mwana akayamba kupuma bwino, mankhwala ake aakulu ndi kutentha kwa thupi la munthu. Njira ya kangaru, yomangirira mwana pachifuwa khungu kukhudza khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 makina ofunditsa ana atachepa, ndipo kuno inafikira ku Zomba Central mu 1999. Koma mayi mmodzi, mwina ali ndi bala la opaleshoni, sangafungatire ana awiri tsiku lonse. Apa pafunika bambo avule malaya, agogo amange chitenje. Palibe manyazi pamenepa.

Nanga chikhulupiriro chathu chili pati? Timapemphera, ndipo tisaleke. Akulu a mpingo akapita kukacheza, asambe m'manja, apempherere panja ngati anamwino atero, ndipo wachimfine atsale kunyumba. Koma pemphero lisalowe m'malo mwa kapaipi kaja. Tisalole aliyense kuuza mayi kuti atulutse mwana m'chipatala kuti aonetse chikhulupiriro. Mayi amene wakhala Sabata lonse akufinya mkaka sanaswe lamulo. Yesu mwini anachiritsa pa Sabata. Amayi a Dorika akamutengera phala la soya ndi nsinjiro, nyemba, zipatso ndi zitenje zochapa, ndiye kuti mpingo wamupeza komweko.

Pali china chovuta kunena. Nthawi zina mmodzi amachira, wina n'kutisiya. Pamenepo pamabuka manong'onong'o a tsempho, kuloza bambo kapena mayi chala. Tiwaletse. Chimene chatenga mwanayo ndi mapapo osakhwima kapena matenda, osati tchimo la makolo. Ife timakhulupirira kuti wagona kudikira tsiku la chiukitso, koma mayi asakakamizidwe kupukuta misozi msanga. Akulira mwana mmodzi uku akuyamwitsa wina, ndipo wotsalayo akufunikabe kufunda, kuyamwa pafupipafupi ndi kupita naye kusikelo pa tsiku lomwe anamwino alemba m'buku.